Msilikali Amene Sanadzuke

1. Mawotchi a Maksat

"Mawotchi mazana awiri kudza khumi ndi awiri," anatero Maksat, chala chili m'mwamba ngati mphunzitsi wa masamu. "Onse akuwerenga chobwerera nthawi imodzi, ndipo palibe yophonya ngakhale imodzi. Funsani mu Bishkek monse muno. Amene analembapo mapu otere mubwere naye, ndimugulira samsa yotentha ya nyama ndi manja angawa."

Anaima pakati pa kalabu ya makompyuta, jekete lachikopa atangolikoleka paphewa ngakhale kuti m'chipinda chapansi chija munkazizira. Tianyamata titatu ta m'makalasi am'munsi tinkamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Maksat anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi tindevu tinayi. Analamula kuti aliyense womuchepera, ngakhale ndi mwezi umodzi, azimutchula kuti bayike, ndiko kuti achimwene.

"Munalemba nokha, bayike?" kanafunsa kamodzi.

"Ukuonapo wina pano?"

Mtsikana wina, Akylai, anamva zonsezi ali pa kompyuta nambala 14, pakona, pafupi ndi paipi yotenthetsera chipinda imene inaiwala ntchito yake kalekale. Nambala ya mawotchiyo ankaidziwa bwino, poti ndiye anamuuza Maksat Lolemba. Pa mapu onsewo, Maksat analemba dzina lake m'malembo ofiira n'kusankha chithunzi cha chiwombankhanga. Chiwombankhangacho anachisankha masiku awiri.

Gemu ya nkhondo imene aliyense ankasewera m'kalabumo inali ndi chida chopangira mapu akoako. Umajambula mapiri, mitsinje ndi malinga, kenako umalemba malamulo: chakuti chikachitika, pachitike chakuti. Kujambula mapiri ankakukonda onse. Malamulo ankawathawa onse, kupatula Akylai.

Malamulo ambiri ankafuna kawotchi. Chipata cha linga chitseguke pakatha mphindi ndi theka. Mimbulu ituluke m'nkhalango mphindi zitatu zilizonse. Moto woponyedwa pa nsanja uzime pakatha masekondi khumi. Msilikali wa munthu akaphedwa agone masekondi makumi atatu, kenako adzuke pakhomo la linga lake. Chilichonse chinali ndi kawotchi kake kobisika, kowerenga kuchokera pamwamba kutsika mpaka pa ziro.

Akylai anachokera ku Naryn, kumapiri, mu Seputembala, mayi ake atapita ku Moscow kukasoka zovala. Ankakhala kwa azakhali ake, anthu abwino amene ankafika kunyumba atatheratu, mphamvu yotsala ikungokwanira kufunsa ngati wadya. Kusukulu dzina lake linkamveka kamodzi patsiku, poitana mayina. M'kalabu linkamveka kasanu, mwinanso kuposa. "Akylai, mimbulu ikuchedwa!" "Akylai, chipata chija bwanji?" Sikunali kucheza kwenikweni. Koma munthu wanjala safunsa mtundu wa mbale.

2. Zimene zinachitika pa mlatho

Mapuwo anali ataseweredwa kamodzi kokha, Loweruka la m'mbuyo mwake. Anthu asanu ndi atatu, anayi mbali iyi, anayi mbali iyo. Akylai sanasewere nawo, chifukwa mipando inathera anyamata. Anaima kumbuyo atapinda manja.

Magulu awiriwo anakumana pa mlatho. Woyamba kugwa anali msilikali wa Ernis. Ernis anali mnyamata wamtali, wa mawu ochepa, amene ankathandiza bambo ake kumata matayala, ndipo zala zake zinkasiya mizere yakuda pa kiyibodi. Patapita masekondi ngati makumi awiri, msilikali wa Maksat anagwanso.

Kenako panaoneka malodza. Msilikali wa Maksat, amene anagwa pambuyo, anadzuka patangotha masekondi khumi. Wa Ernis anangoti gone pa mlathopo. Mphindi inatha. Yachiwiri inatha.

"Aise, wanga sakudzuka," anatero Ernis.

"Dikira," anatero Maksat.

"Ndadikira. Nanga wakoyo wadzuka bwanji msangamsanga?"

"Odziwa sachedwa kumanda," anatero Maksat, maso ali pa sikirini.

Linga la Ernis linagwa iye akuonerera. Anaimirira n'kumenya tebulo, nati Maksat wabisa chinyengo m'mapu kuti azidzuka yekha. Maksat anati Ernis wadina dala china chake ataona kuti akugonja, khalidwe la anthu a mtima wa nkhuku. Mawu anakwera mpaka kumasitepe. Kenako onse anacheukira kumbuyo.

"Akylai," anatero Maksat, "iwe umandithandizako tina ndi tina. Tawauze anthuwa. M'mapumu muli vuto?"

Anthu asanu ndi atatu anamuyang'ana nthawi imodzi. Chibwerereni ku Bishkek zoterozo zinali zisanamuchitikirepo.

"Mulibe," anatero Akylai. "Ndinayesa kambirimbiri."

Za kuyesazo zinali zoona. Anapha msilikali wake maulendo makumi asanu, ndipo maulendo makumi asanu anadzuka. Koma mawu akuti "mulibe" anawanena asanatsegule malamulo n'kuyang'ana.

Kuyambira tsikulo Ernis anasanduka Mtembo. Akamatsika masitepe, wina ankayamba kulira maliro cham'mphuno, ena n'kuvula zipewa. Mpando wake pa tebulo la Maksat unapita kwa wina. Ankabwerabe, poti kalabu ina inali kutali, koma ankakhala pa nambala 2, pafupi ndi chitseko pamene mphepo imalowera, n'kumasewera yekha ndi kompyuta.

3. Mipando iwiri, munthu mmodzi

Lachitatu limenelo, Maksat atamaliza kuwerenga mawotchi ake n'kutuluka ndi gulu lake, Akylai anapita pa tebulo la a Burul.

A Burul ndiwo ankayang'anira kalabuyo masana, ndipo ana ankawatchula kuti eje, mawu aulemu oitanira mayi wamkulu. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wofunda shawelo yaubweya, magalasi awo omangirira ndi ulusi. Kale ankagwira ntchito kusiteshoni, m'chipinda cholondolera sitima. Gemu sankaidziwa ndipo sankafuna kuidziwa. Ankati ndi nkhondo ya anthu amene sanasendepo mbatata.

"Burul eje, ndibwerekeko nambala 13 pang'ono? Palibe munthu."

"Wasanduka anthu awiri liti?"

"Ndikufuna ndiphe asilikali awiri."

"Ipha. Koma mpando uubwezere mmene waupezera."

Akylai anatsegula mapu pa makompyuta onse awiri. Pa nambala 13 anatumiza msilikali pakati pa mimbulu mpaka anagwa. Anadumphira pa nambala 14, natumizanso wachiwiri. Kenako anaima pakati pa mipando iwiriyo, mutu ukutembenuka uku ndi uku.

Wachiwiri anadzuka nthawi yake isanakwane. Woyamba sanadzuke.

Anabwereza katatu. Katatu konse zinali zomwezo.

Atatsegula malamulo, vutolo analiona mphindi isanathe. Linali poyera, ngati ng'ombe pakati pa msewu. Lamulo lake linkati: msilikali akagwa, ika dzina lake m'kabokosi kotchedwa Wakugwa, yambitsa kawotchi, kawotchi kakafika pa ziro, dzutsa amene ali m'kabokosi. Koma kabokosiko kanali kamodzi, kokwana dzina limodzi. Ernis atagwa, dzina lake linalowamo. Maksat atagwa, dzina lake linafufuta la Ernis. Kawotchi ka Ernis katafika pa ziro kanasuzumira m'kabokosi, kanapezamo Maksat, n'kumudzutsa. Ka Maksat katafika kanapezanso Maksat yemweyo, ali chilili kale. Ernis panalibenso kawotchi komukumbukira.

Munthu woyesa mapu ali yekha sangalione vuto limeneli. Ali yekha amafa mmodzimmodzi.

Anayang'ananso malamulo a moto, a misampha ndi a zipata. Ambiri anawalemba chimodzimodzi: mawotchi mulu, kabokosi kamodzi. Onsewo ankangodikira tsiku lawo.

4. Wotchi ya pakhoma

"Wafa ndani?" anafunsa a Burul. Anali ataima kumbuyo kwake ndi kambale ka tiyi m'manja.

Akylai anawafotokozera, akupunthwa m'mawu. Sanayembekezere kuti amva. A Burul anapsontha tiyi kawiri.

"Ndiye kuti chinthu chilichonse unachigulira wotchi yake?"

"Inde, eje."

"Mazana awiri?"

"Kudza khumi ndi awiri."

"Mwana wa munthu wolemera. Tabwera kuno."

Anamukokera pa tebulo lawo, namuonetsa bolodi laling'ono lokhala ndi nambala za makompyuta, choko chili pambali.

"Muno muli makompyuta khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo aliyense wokhalapo nthawi yake imatha payokha. Ukuona mawotchi angati? Imodzi, iyo pakhomayo. Munthu akakhala, sindilemba kuti watsala ndi mphindi zingati, chifukwa ndikanatero bwenzi ndikufufuta tsiku lonse. Ndimalemba nthawi imene adzanyamuke, moyang'anana ndi nambala yake. Aliyense mzere wake. Kenako ndimayang'ana wotchi, ndimayang'ana bolodi. Wakwana, ndimamunyamutsa, ndimafufuta mzere wake. Kusiteshoni tinkayendetsa sitima makumi atatu patsiku mwa njira yomweyi. Wotchi sifunika kudziwa dzina la munthu. Dzina limakhala pa mzere."

Akylai anayang'ana bolodi lija nthawi yaitali. Zala zake zinayamba kugwedera ngati zili kale pa kiyibodi.

"Khala kaye pansi," anatero a Burul. "Ndakupatsa chophweka. Tsopano umve chovuta.

"Loweruka lija ndinalipo. Ndinamva zimene unayankha. Ine gemu yanuyi sindiidziwa, koma nkhope ya munthu woyankha asanayang'ane ndimaidziwa, chifukwa ndinaivalapo.

"Chaka china ngolo zitatu za malasha zinaima pa njanji yolakwika maola asanu ndi limodzi, m'nyengo yozizira ngati ino. Amene anaiwala kuzilemba ndine. Abwana atafunsa, ndinayang'ana pansi, ndipo mlandu unagwera bambo wina wosintha njanji, dzina lake Osmon. Sanamuchotse ntchito ayi. Anangomupatsa dzina lakuti Tulo. Mawa lake ndinakonza kalembedwe kanga, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zotsatira sindinalakwitsenso. Anandipatsa mpaka satifiketi, ili m'kabati kwathu. Osmon anapuma pantchito ali Tulo, ana ake ankatchedwa ana a Tulo, anamwalira ali Tulo. Kumaliro kwake ndinapita. Mkazi wake anandipatsa nyama yabwino, poti ndinali mnzake wa kuntchito. Ndinadya.

"Mwana wanga, kukonza chinthu n'kosavuta, chifukwa chinthu chilibe nkhope. Mawotchi akowo uwakonza, ndikuona m'maso mwako kuti wayamba kale. Ukawakonza bwino, palibe adzadziwe kuti analakwikapo, ndipo apo m'pamene pali msampha. Ukamakonza bwino kwambiri, m'pamenenso mnyamata wa pachitsekoyo akuoneka wabodza kwambiri. Anthu adzati: onani, mapu ali bwinobwino, Mtembo ankanama. Ukhala utam'kwirira ndi luso lako lomwe.

"Sindikuuza chochita. Ndikanakhala wodziwa kuuza anthu zochita, bwenzi ndili nduna. Ndikungoti mlandu suwola. Umangokhala phee, n'kumadya nawe pa mbale imodzi."

Anatenga choko n'kuyang'ana wotchi.

"Nambala 7! Nyamuka. Usandiyang'ane choncho, siine ndinapanga nthawi."

5. Timalembo tating'ono

Lachinayi ndi Lachisanu Akylai anagwira ntchito osadzutsa mutu. Anafufuta mawotchi mazana awiri kudza khumi ndi imodzi, nasiya imodzi yogunda mosalekeza. Pambali pake anaika mndandanda: chinthu, mwini wake, ndi nthawi yake yokwanira. Wotchi ikagunda, inkayenda pa mndandandawo mzere ndi mzere. Chokwana chinkachitika, mzere wake n'kuchoka. Anayesa pa mipando iwiri, kenako pa itatu, akuthamanga pakati pake mpaka a Burul anati akuwachititsa chizungulire.

Lachisanu madzulo Akylai anamupeza Maksat pamasitepe akutafuna njere za mpendadzuwa.

"Bayike, vuto lija ndalipeza."

"Vuto liti? Munalibe vuto."

"Linalimo. Ernis sananame."

Maksat anayang'ana kumwamba kwa masitepe, nayang'ana kumunsi. Kunalibe munthu.

"Wakonza?"

"Ndakonza. Mawotchi aja ndachotsa. Yatsala imodzi."

"Imodzi?" Khoko la njere linamukakamira pakhosi. "Iwe, ndauza tauni yonse kuti alipo mazana awiri kudza khumi ndi awiri! Ndikayenda bwanji ndi wotchi imodzi ngati nkhalamba?"

"Imodziyo siphonya."

Maksat anaganiza. Ankaganiza ndi nkhope yonse, kuti anthu aone kuti ntchito ili mkati.

"Chabwino. M'kati mwa mapu simulowa munthu. Tamvera tsono. Mawa tisewera atsopanowo, aliyense adzuka, nkhani yatha. Lolemba ndikawapereka ku mpikisano wa makalabu onse. Pansi pa dzina langa tilembapo lako, timalembo tating'ono koma towerengeka. Ndipo mawa sukhalanso pakona. Ukhala pa tebulo, mpando wa Mtembo uja ndi wako. Tikamaliza tonse tikadya lagman, supu ya sipageti ija, kuseriku." Analavula khoko. "Koma ukatsegula pakamwa, ubwerere ku Naryn ukalembere nkhosa malamulo. Tamvana, mlongo?"

Akylai sanakwere minibasi. Anayenda wapansi m'chipale chosungunuka, utsi wa malasha ukumuwawa m'maso. Atafika anapeza azakhali ake asanabwere. Anatenthetsa supu, nadya choimirira. Foni inalira nthawi yake ya Lachisanu lililonse.

"Ukudya?" anafunsa mayi ake. Kumbuyo kwawo makina osokera ankalira.

"Ndikudya, amayi."

"Jekete likukufunda?"

"Likufunda."

"Anzako wapeza?"

Akylai anayang'ana supu yake.

"Mawa andiitana ku lagman."

"Ee, Mulungu ndi wabwino! Ndinkadera nkhawa, mwana wanga. Uwagwiritse amenewo. Kutauni munthu wopanda anzake amauma."

Foni inaduka mphindi zitatu zisanakwane.

6. Pamaso pa onse

Loweruka masana kalabu inadzaza. Mawindo aang'ono a m'mwamba anachita nthunzi. Ernis anali pa nambala 2, chipewa atachikokera m'makutu. Wina anali atamulirira kale maliro ake a tsikulo.

Maksat anam'ponyera Akylai fulashi yake.

"Ikamo atsopano, uwagawire onse. Kenako bwera ukhale apa." Anamenya mpando wa pambali pake ngati munthu wogulitsa hatchi.

Akylai anayang'ana mpandowo. Unali mpando wamba, wong'ambika pakona imodzi. Anabaya fulashi pa nambala 14. Koma sanaikemo atsopano. Anatsegula mapu akale pa nambala 13 ndi 14, kenako anaimirira.

"Ndili ndi mawu," anatero.

Palibe anamva. Mawu ake anamira m'phokoso la mfuti ndi malupanga.

A Burul anagogoda kambale ndi sipuni, kanayi. M'kalabumo aliyense ankadziwa kuti kachisanu amazimitsa magetsi. Kunati zii.

"Ernis," anatero Akylai, "tabwera ukhale pa 13."

"Mtembo sumayenda!" wina anakuwa. Ochepa anaseka.

Ernis anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, nadutsa pakati pa onse osafulumira, n'kukhala.

"Awa ndi mapu amene munasewera Loweruka lija. Lowa pakati pa mimbulu."

Msilikali wa Ernis anagwa. Akylai anawerenga mokweza mpaka makumi awiri, n'kugwetsa wake. Anthu anaunjikana kumbuyo kwawo. Msilikali wa Akylai anadzuka patangotha masekondi khumi. Wa Ernis anagona. Anadikira mphindi yathunthu, ndipo panalibe wotsokomola.

"Tsopano tisinthane."

Anayambiranso. Ulendo uno Akylai ndiye anayamba kugwa. Wa Ernis anadzuka msanga, wa Akylai anatsala pansi.

Akylai anatembenuka. Anayang'ana onse amene anaunjikana kumbuyo kwake.

"Tsiku lija munandifunsa ngati m'mapu muli vuto. Ndinati mulibe. Ndinayankha ndisanayang'ane, chifukwa ndinkaopa kuti mundithamangitsa. Vuto linalimo. Anthu awiri akagwa motsatizana, woyambayo amaiwalika. Ernis sanadine kanthu. Maksat bayike nayenso sanabe. Lamulo limenelo ndinalemba ndine, ndipo ndinalemba molakwika. Ernis, ndinakunamizira. Pepa."

Kanyamata kamodzi mwa titatu tija kanakanda m'mutu.

"Unalemba ndiwe? Si bayike analemba okha?"

Funsolo linalibe choipa m'kati, n'chifukwa chake linapweteka. Maksat anatsegula pakamwa. Akanati analemba yekha, vuto likanakhala lake. Akanati vuto si lake, mapu sakanakhala ake. Anaima pakati pa njira ziwirizi kwa kanthawi, ndipo anasankha yachitatu, imene ambiri aife timasankha. Anapsa mtima.

"Ndinakutola uli pakona ngati kamphaka!" anakuwa. "Ndani ankakudziwa muno? Mapu ndi anga, dzina ndi langa, chiwombankhanga ndi changa!" Anazula fulashi pa nambala 14. "Pa tebulo langa usadzapondepo. Anyamata, tiyeni."

Anakwera masitepe jekete likuuluka. Anayi anamutsatira. Otsalawo anapeza mwadzidzidzi kuti nsapato zawo n'zochititsa chidwi. Mmodzi, yemwe ankatsogolera maliro sabata yonse, anam'gunda Ernis paphewa.

"Aise, basi. Sitinadziwe."

"Munafunsa?" anatero Ernis.

Mnyamatayo anabwerera pa kompyuta yake. Pang'onopang'ono phokoso la malupanga linayambiranso. Anyamata ena anakhala pa tebulo la Maksat n'kuyamba gemu ina, ya mapu ogula. Panalibe anaitana Akylai. Mimbulu ya m'mapu amenewo sinkachedwa.

7. Nambala 13

Akylai anakhala pansi pa 14. Ankaganiza kuti Ernis abwerera kuchitseko, koma sanasunthe.

"Sabata yathunthu," anatero Ernis, akuyang'ana sikirini.

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa. Dzina lija linafika mpaka kuntchito kwa bambo. Kasitomala wina anafunsa ngati Mtembo angamupopere tayala."



"Sindinati zatha," anatero Ernis. "Nanga wakonza?"

"Ndakonza."

"Unanenanso choncho tsiku lija. Tsegula ndione ndi maso anga."

Anatsegula mapu atsopano. Ernis anagwa, Akylai anagwa pambuyo pake. Anawerenga onse awiri, wina mokweza, wina chamumtima. Pa makumi atatu msilikali wa Ernis anaimirira pakhomo la linga lake, lupanga lili m'manja. Wa Akylai anadikira nthawi yake, nadzuka.

"Kachiwiri," anatero Ernis.

Anabwereza kasanu ndi kawiri. Kenako Ernis anatsamira mpando n'kuvula chipewa. Pa kiyibodi ya nambala 13 panali mizere yakuda.

"Misampha ya pa mlatho wayesa ndi anthu awiri?"

"Ndi mipando iwiri."

"Mpando si munthu. Lolemba ndikaweruka kumatayala tiyesa." Kenako anacheuka. "Fulashi wazula ija. Muli mapu ati?"

Akylai anayang'ana kabowo kamene munali fulashi.

"Akale. Atsopano ndinali ndisanaikemo."

"Ndipo Lolemba akukawaonetsa pamaso pa makalabu onse, dzina lake lili m'malembo ofiira." Ernis anamwetulira, koyamba sabata yonseyo. Kunali kumwetulira kochedwa, kwa munthu amene wakhala nthawi yaitali pamphepo. "Usamuuze."

Manja a Akylai anali pa kiyibodi, koma maso anali pa masitepe amene Maksat anakwera aja.